Ngumbi za ku Schleissheim

Achimwene,

Uthenga wanu wa mawu uja ndaumvera kanayi. Zomwe mumanena ndinazimva ulendo woyamba womwewo, zoti mvula yagwa usiku wonse wa Lachiwiri, zoti mizere yanyowa mpaka pansi, zoti amayi alawirira kumunda ndi kathumba ka mbewu osadikira munthu. Maulendo atatu enawo ndimamvetsera zomwe zinali kumbuyo kwa mawu anu: madontho akugwa kuchokera pa malata, tambala wa kuseri kwa khola, ndi mwana wina akufuula chapatali kuti ngumbi zatuluka. Ndinali m'sitima yapansi panthaka, foni ili kukhutu, nditapanikizika pakati pa anthu ovala majekete akuda, ndipo fungo la dothi lonyowa linandifika m'mphuno ngati ndaima pakhonde pathu.

Kuno ku Munich nakonso ndi Novembala, koma ndi Novembala wina. Dzuwa likulowa 5 koloko isanakwane, ndipo masiku ambiri silionekera n'komwe, limangobisala kuseri kwa chifunga chotuwa ngati phulusa. Mitengo yayoyola masamba onse. Mvula imagwa ndithu, koma ndi mvula yopanda fungo. Imagwera pa phula ndi pa konkire, ndipo palibe amene amatuluka panja kukaiyang'ana kapena kuthamangira khasu. Ndimachoka m'nyumba kukadali mdima, ndimaweruka kutada kale. Mango amapezeka m'sitolo, amodziamodzi, atamatidwa kapepala ka mtengo. Ndikawaona ndimakumbukira mtengo wathu uja wa kumpoto kwa nyumba, umene pano ukugwetsa mango usiku wonse mpaka mbuzi kutopa nawo.

Ndasankha kulembera inu, chifukwa nkhaniyi ndi ya ndege. Amayi ikanangowatopetsa. Inu ndi amene munkapinda mawaya n'kupanga ndege za mateyala a zitsekerero za mabotolo, inu ndi amene munkandikokera padzuwa kuti tikaone ndege za asilikali zikutera pabwalo lawo ku Zomba, ine ndikulira ndi minga kumapazi. Loweruka lapitali ndinapita pamalo pomwe mukanakhala tsiku lonse osamva njala.

Amene anandituma kumeneko ndi agogo ena a kuntchito kwathu, kunyumba yosamaliramo okalamba. Ali ndi zaka 92. Amanditchula kuti Schwester, monga amatchulira anamwino onse kuno, ndipo liwulo tanthauzo lake ndi mchemwali. Pakatebulo ka pambali pa bedi lawo pali chithunzi cha mnyamata wovala yunifomu, makutu oima, khosi lowonda losadzaza kolala. Miyezi yonseyi ndimapukuta fumbi pa chithunzicho osafunsa kanthu. Lamulungu lina mwezi uno, tsiku lomwe Majeremani amakumbukira anthu amene anafa pa nkhondo, lomwe amalitcha Volkstrauertag, anandipempha kuti ndiwapatsire m'manja. Anati ndi mlongo wawo. Anabadwa mu 1925, anamwalira mu 1944 ali ndi zaka 19, pa sukulu yophunzitsa oyendetsa ndege zankhondo ku Zerbst. Ndege inatembenuzika naye potera. Mdani sanamuonepo ndi maso. Iwo anali ndi zaka 12 tsiku lomwe kalata inafika.

Kenako anandiuza chinthu chomwe chinandilasa mtima. Anati mnyamatayo ali wamng'ono ankapalasa njinga mpaka ku Schleissheim kukaima pampanda n'kumaonerera ndege, ndipo ankawanyamula iwo kumbuyo, akulira kuti kukuzizira. Ndinaona inu ndi ine, achimwene. Ndinamaliza kuwasambitsa, kuwapesa, kuwakhazika pampando, koma manja anga ankagwira ntchito okha.

Kuchokera pakati pa Munich, sitima ya S1 imakufikitsa ku Oberschleissheim posakhalitsa. Umayenda pansi kudutsa nyumba zachifumu zakale za mafumu a Bavaria, kenako umangoona dambo lalikulu lathyathyathya, udzu wofota ndi chisanu, mphepo ikuwomba popanda choitchinga. Bwaloli linatsegulidwa mu 1912 kuti likhale la gulu la ndege la mfumu ya Bavaria, ndipo nyumba zina za nthawi imeneyo zikadalipo. Kuyambira 1992 muli nyumba yosungiramo ndege zakale yotchedwa Flugwerft Schleissheim, nthambi ya Deutsches Museum. Timakalabu ta anthu okonda ndege timaulukabe pamenepo, ndipo mbali ina pali mahelikopita a apolisi. Ndinalowa nditazizidwa mpaka zala kuuma, ndinatuluka patatha maola anayi.

Mbiri yake imayamba ndi chinsinsi. Germany itagonja pa nkhondo yoyamba ija, yomwe makolo athu anaidziwira ku Karonga ndi pa mtengatenga, pangano la ku Versailles la 1919 linailetsa kukhala ndi ndege zankhondo. Akuluakulu a asilikali anavomera pakamwa pokha. Mu 1925 anagwirizana mwamseri ndi Soviet Union n'kutsegula sukulu ya ndege zankhondo ku Lipetsk, kutali ndi maso a Angelezi ndi Afalansa, ndipo inagwira ntchito mpaka 1933. Kwawo kuno anabisala kuseri kwa sukulu yophunzitsa oyendetsa ndege zonyamula anthu ndi makalata, Deutsche Verkehrsfliegerschule, yomwe inali ndi nthambi pa Schleissheim pomwepa. Mu 1931 panafika kagulu ka anyamata 30 ovala zovala wamba, ndipo ochita bwino mwa iwo anawatumiza ku Lipetsk. Ena mwa iwo, Günther Lützow, Hannes Trautloft ndi Wolfgang Falck, anadzakhala akuluakulu a magulu a ndege pa nkhondo ya Hitler. Taonani, zonsezi zinayamba Hitler asanatenge boma mu 1933. Iye anapeza moto utakolezedwa kale, anangosonkhezera nkhuni.

Pofika 1934 panali patakhazikika sukulu yeniyeni ya ndege zomenyana, ikadavalabe dzina lonamizira lija, ndipo mu Malichi 1935 boma linaulula poyera kuti lili ndi gulu la ndege zankhondo, Luftwaffe, pansi pa Hermann Göring. Dzina la sukulu yotere ndi Jagdfliegerschule. Jagd ndi uzimba, ndiye tinene kuti sukulu ya alenje a mumlengalenga, oyendetsa tindege tating'ono taliwiro tosaka ndege zinzake. Werner Mölders anaphunzira pano mu 1935. Adolf Galland anadutsanso pano. Lützow anabwerera kudzakhala mphunzitsi. Onse atatuwa anapita ku Spain kukathandiza mkulu wa asilikali wa kumeneko, Franco, m'gulu la Condor Legion, gulu lomwe linaphulitsa tauni ya Guernica pa 26 Epulo 1937 tsiku la msika. Kumeneko ndi komwe Mölders anakonza kaulukidwe ka ndege ziwiriziwiri, wina kutsogolo wina kumuyang'anira kumbuyo, komwe magulu a ndege a mayiko ena anadzatengera pambuyo pake.

Masiku amenewo maphunziro sankathamangitsidwa. Mnyamata ankayamba ndi ndege yopanda injini pachitunda, ali m'gulu la achinyamata a Hitler. Akalowa usilikali ankayamba waguba kaye, kenako tindege tofatsa ta mapiko awiri osanjikizana, Bücker 131 kapena Focke-Wulf 44, mphunzitsi ali naye momwemo. Kuchoka apo Arado 96, kenako ndege zankhondo zakale, ndipo pamapeto pake ndege yeniyeni. Akamaliza sankapita kunkhondo tsiku lomwelo, ankadutsa kaye m'gulu lina momwe asilikali obwera kuchokera kumoto ankamuuza zomwe mabuku sanena. Ndikuwerenga zimenezi ndinaganiza za kusimba, momwe namwali satuluka anamkungwi asanakhutire kuti mwambo walowa. Kumayambiriro kwa nkhondo mnyamata ankafika kumoto atauluka maola oposa 200.

Nkhondo itayamba sukulu zotere zinachuluka ndipo zinapatsidwa manambala, ya ku Werneuchen pafupi ndi Berlin, ya ku Fürth, ya ku Schwechat pafupi ndi Vienna ndi zina. Dzina la Jagdfliegerschule 2 linayamba kumveka pa Schleissheim, kenako linakakhazikika ku Zerbst, kumpoto, chakufupi ndi Magdeburg. Bwalo la Schleissheim linasanduka lophunzitsirapo ndege za injini ziwiri, ndipo kuyambira 1941 linkaphunzitsa osaka adani usiku. Ku Zerbst kumeneko mu 1942 kunaphunzira Erich Hartmann, amene mabuku awo amati anagwetsa ndege 352, kuposa munthu wina aliyense. Iye analowa usilikali mu Okutobala 1940 ndipo anafika kunkhondo mu Okutobala 1942. Zaka ziwiri zathunthu akuphunzira. Mlongo wa agogo aja anafika pa bwalo lomwelo patangopita zaka ziwiri, koma anapeza sukulu ina.

Mtundu wa ndege yomwe inamupha ndauona ndi maso, Messerschmitt Bf 109. Achimwene, ndi kanthu kakang'ono kuposa momwe mungaganizire. Pokhala woyendetsa ndi popanikiza ngati m'bokosi, ndipo chivindikiro chake cha magalasi chimatsekera pamutu penipeni. Mphuno yake ndi yaitali, yoloza m'mwamba ndege ikakhala pansi, moti woyendetsa saona kutsogolo. Ndinayang'anitsitsa miyendo yake. Inamangidwa pamimba pa ndege, moyandikana, n'kutagalala pang'ono ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Injini ndi yamphamvu kwambiri, ndipo ponyamuka imakokera ndege kumbali. Munthu wozolowera amadziwa kuibweza ndi phazi nthawi isanathe. Wosazolowera imamupotoza, mwendo n'kuthyoka, phiko n'kukhudza pansi, ndege n'kugudubuzika. Mpando ndi umodzi, ndiye tsiku loyamba kuikwera umakhala wekha. Za mipando iwiri zophunzitsira zinabwera mochedwa ndiponso zinali zochepa. Ndege zimenezi anapanga zoposa 33,000, ndipo zambiri zinaonongekera pabwalo, ponyamuka ndi potera, popanda chipolopolo cha mdani.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikuganiza za khosi lowonda lija.

Mukukumbukira chaka cha 2002, achimwene? Nkhokwe itatha, madeya atatha, tinkayang'ana ngala za chimanga cha makolo zomwe amayi anapachika kudenga la khitchini, zakuda ndi utsi. Inu munanena usiku wina kuti tingokazinga ziwiri zokha. Amayi sanakukalipireni. Anangoti amene wadya mbewu wadya chaka chamawa, n'kutembenukira kukhoma. Tinagona ndi njala, ndipo chaka chotsatira tinakolola. Nyumba zina m'mudzi mwathu zinadya mbewu, ndipo simungaziweruze, chifukwa mwana akamalira ndi njala mutu sugwira. Koma Göring ndi anzake sankalira ndi njala ya mwana. Anayambitsa nkhondo poganiza kuti itha msanga, ndipo itakana kutha anayamba kukazinga mbewu.

Mbewu ya gulu la ndege ndi aphunzitsi, ndege zophunzitsira ndi mafuta a ophunzira. Kumapeto kwa 1942 asilikali a Germany atazingidwa ku Stalingrad, Göring analonjeza kuti awadyetsa kudzera mumlengalenga. Ndege ndi anthu oti achite zimenezo panalibe okwanira, choncho anakatenga aphunzitsi ndi ndege zawo m'sukulu zophunzitsa ndege zikuluzikulu ndi zophunzitsa kuuluka m'mitambo. Ndege pafupifupi 500 zinathera kumeneko m'miyezi yosakwana itatu, ndipo aphunzitsi ambiri sanabwerere. Mafuta akachepa, oyamba kumanidwa anali ophunzira. Ndiye pa 12 Meyi 1944 ndege za America zinayamba kuphulitsa mafakitale opanga mafuta kuchokera ku malasha, monga ya ku Leuna, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho zitsime za mafuta za ku Romania zinawachoka m'manja. Pofika nthawi imeneyo mnyamata wa ku Germany ankatumizidwa kumoto atauluka maola ongopitirira pang'ono 100, ochepa okha mwa iwo pa ndege yeniyeni yankhondo, pamene mnzake wa ku America kapena ku Britain anali ndi maola oposa 300. Ambiri sankadziwa kuuluka m'mitambo. Chifunga chonga chomwe ndikuchiona pawindo panopa chinkawapha chokha.

Mafakitale ankatulutsabe ndege zambirimbiri, ndipo mu 1944 anapanga zochuluka kuposa chaka china chilichonse. Chitsulo chimasulidwa msanga. Munthu sapsa msanga choncho. M'miyezi isanu yoyambirira ya 1944, ndege za Mustang zitayamba kuperekeza zoponya mabomba mpaka mkati mwa Germany, Luftwaffe inataya alenje ake oposa 2,000, chiwerengero chofanana ndi onse omwe inkakhala nawo pa nthawi imodzi. Odziwa akafa, malo awo ankalowa ana. Ana akafa msanga, sukulu inkauzidwa kuti ifupikitsenso maphunziro kuti itumize ena. Mu 1943 anali atasintha kale mayina a sukuluzi kuti azimveka ngati magulu ankhondo, ndipo ya ku Zerbst inakhala Jagdgeschwader 102. Dzina linakula pamene zam'kati zinkachepa. Pa 1 Januwale 1945 anasonkhanitsa zomwe zinatsala n'kukaukira mabwalo a adani ku Belgium, Netherlands ndi France m'mawa umodzi, ndipo oyendetsa oposa 200 anafa, anasowa kapena anagwidwa. Mu Epulo anafika potumiza anyamata kuti akagunde dala ndege za America ndi ndege zawo.

Mwana uja wa mu uthenga wanu ankafuula za ngumbi, ndipo ine ndili m'nyumba ya ndege ija ngumbi ndi zomwe zinkandibwerera m'maso. Mumadziwa momwe zimatulukira pachulu mvula yoyamba ikagwa, zikwi ndi zikwi, mapiko atsopano onyezimira, kuuluka koyamba ndi komaliza. Anamzeze ali m'mwamba, achule ali pansi, ife tili ndi beseni la madzi pansi pa nyali. M'mawa pabwalo pamangotsala mapiko okhaokha, mphepo ikuwaseweretsa. Anyamata a 1944 anatuluka chomwecho. Ngakhale akuluakulu awo ambiri sanapulumuke. Mölders anafa pa ngozi ya ndege mu Novembala 1941 ali ndi zaka 28, akupita ku maliro. Lützow, yemwe anayambira pa Schleissheim mu 1931, ananyamuka pa bwalo lina la Munich pa 24 Epulo 1945 ndipo sanapezeke mpaka lero. Patangopita masiku ochepa asilikali a America analowa mu Munich, ndipo bwalo la Schleissheim anakhala nalo mpaka 1973.

Apa ndiyenera kukuuzani chomwe chinandivuta, chifukwa chisoni changa sichinayende njira yowongoka. Kuchokera pa bwalo limeneli kukafika ku Dachau ndi makilomita ngati khumi okha, mtunda womwe inu mumapalasa njinga popita kumsika. Ndende ya ku Dachau inatsegulidwa mu Malichi 1933, sukulu ya alenje isanakhazikike n'komwe. Munadutsa anthu oposa 200,000 ndipo oposa 41,000 anaferamo. Wophunzira aliyense wonyamuka pa Schleissheim akakwera m'mwamba pang'ono, dera lonselo linali pansi pa phiko lake. Chapafupi pomwepo, ku Allach, akaidi a ku Dachau ankagwiritsidwa ntchito yaukapolo popanga injini za ndege za BMW. Tsiku lililonse lomwe alenje aja anatchinjiriza mlengalenga mwa Germany linali tsiku linanso la utsi ku ndende yophera anthu ya Auschwitz. Boma lomwe ankalimenyera linali ndi maganizo ake pa anthu a khungu ngati langa. Mu 1937 linagwira ana mazana angapo a ku Rhineland, obadwa kwa amayi a Chijeremani ndi asilikali ochokera ku Africa, n'kuwachita opaleshoni mokakamiza kuti asadzabereke.

Ndiye ndimadzifunsa kuti mnyamata wa pa chithunzi uja akanandiona ine ndikupesa tsitsi la mlongo wake akanati chiyani. Anali ndi zaka 8 pamene Hitler ankatenga boma. Sukulu, wailesi, nyimbo, gulu la achinyamata, zonse zinamuphunzitsa chinthu chimodzi, ndipo nyambo yake inali ndege, chinthu chomwe mwana wamwamuna aliyense amachikonda. Sindingamuyeretse, pakuti yunifomu anavala ndipo akanakhala ndi moyo akanawombera. Koma mlandu waukulu ndimauika pa akuluakulu amene anadziwa bwino lomwe kuti maola 100 sakwanira, anadziwanso kuti nkhondo yatayika, n'kumasainabe mapepala otumiza ana. Agogo aja sanayesepo kumuikira kumbuyo mlongo wawo. Anangoti anali mwana, ndipo anamunamiza. Ine ndinawagwira dzanja.

Pobwerera m'sitima maganizo anga anali pa agogo athu aamuna. Nawonso anali pa nkhondo yomweyo, mbali inayo. Ankaitchula kuti nkhondo ya Hitler, chonsecho Mjeremani sanakumane naye. Asilikali a Keyala ochokera ku Nyasaland, omwe anali oposa 20,000, anamenyana ndi Mataliyana ku Somaliland ndi ku Abyssinia, anapita ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, nthawi ya mvula yosakata, akulimbana ndi Majapani. Agogo ankangoti ku Bama. Mukukumbukira momwe ankakhalira pansi pa mtengo wa mango, chijasi chawo chankhondo chili paphewa ngakhale mu Okutobala? Ankanena za sitima yapamadzi yomwe inayenda masabata osaona mtunda, za misundu yolowa m'nsapato, za mnzawo wa ku Mulanje yemwe anamukwirira m'matope opanda mtanda. Ife tinkamvetsera pang'ono n'kuthawira kumpira. Ankanenanso kuti chomwe chinkawapweteka kuposa zipolopolo ndi kuona mvula ikugwa kudziko la eni, iwo osadziwa ngati kumudzi abzala. Mawu amenewo ndinawamva ndili ndi zaka khumi, ndawamvetsa chaka chino.

Kuno zinthu amalemba. Ndege iliyonse m'nyumba muja ili ndi nambala yake, fakitale yake, chaka chake. Ku Berlin kuli maofesi osunga makadi a asilikali mamiliyoni, moti mdzukulu akhoza kulemba kalata n'kuuzidwa tsiku ndi malo omwe agogo ake anafera. Ku Dachau nakonso analemba, ndipo ana asukulu amapita kukaona zomwe makolo awo anachita. Chimenechi ndimawalemekeza nacho. Ife tili ndi chipilala cha Keyala ku Zomba, pomwe akuluakulu amaika nkhata mwezi uno, ndipo tili ndi kachitini ka mamendulo m'thiranki ya amayi. Nambala ya usilikali ya agogo ndani akuidziwa? Bataliyoni yawo inali iti? Dzina la mnzawo wa ku Mulanje uja ndinalimva kangapo, ndipo ndaliiwala. Ndikudziwa tsiku lomwe Lützow anasowa, koma sindingathe kunena chaka chomwe agogo anga anabwerera kumudzi. Zimenezi zinandiliza m'sitima, anthu akundiyang'ana.

M'nyumba ya ndege ija muli ndege za Dornier, ndipo nditaona dzinalo mtima unagunda. Ndege zomwe tinkathamangira ku Zomba zija zinali za Dornier, pakuti gulu la ndege la asilikali athu linayamba ndi thandizo la Germany m'zaka za m'ma 1970. Dornier 228 inkapangidwira ku Oberpfaffenhofen, kunja kwa Munich konkuno. Pa 10 Juni 2024, imodzi mwa izo itasowa m'chifunga cha ku Chikangawa ndi a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, ine ndinali pa shifiti ya usiku, foni ili m'thumba la yunifomu, ndikuyang'ana mphindi iliyonse. M'mawa mwake uthenga utafika ndinalibe woti ndilire naye. Anzanga akuntchito anandipepesa mwaulemu n'kupitiriza kugawa mankhwala. Maliro a dziko lako ukawamvera kutali amakhala ngati wakhala wekha pasiwa. Akatswiri ofufuza za ngoziyo anachokeranso kuno ku Germany. Dziko lino ndi lathu zakhala zikukumana m'njira zomwe ine ndi inu sitinkazidziwa tikuthamanga opanda nsapato kumpanda kuja.

Lolemba nditabwerera kuntchito ndinawauza agogo aja kuti ndinapita, ndinaona bwalo, ndinaona ndege. Anafunsa ngati mpanda ukadalipo. Ndinati mpanda ulipo, ngakhale sungakhale womwewo. Anakhala chete, kenako anandifunsa ngati ndili ndi mlongo. Ndinatulutsa foni n'kuwatsegulira uthenga wanu. Chichewa sakumva, koma anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali otseka. Anati akumva mvula. Anafunsa chomwe mwanayo akufuula, ndipo ndinayesetsa kuwafotokozera ngumbi ndi Chijeremani changa choperewera, kuti ndi tizilombo ta mapiko totuluka m'nthaka mvula yoyamba ikagwa, timakazinga ndi mchere, ndi ndiwo zokoma kuposa nyama. Anaseka, ulendo woyamba kuwaona akuseka mwezi wonsewu. Zina zomwe ngumbi zinandikumbutsa sindinawauze. Anandiuza kuti ndizikuimbirani foni kawirikawiri, chifukwa iwo akhala zaka 80 ali ndi nkhani zoti amuuze mlongo wawo.

Tchuthi chandikanika chaka chino, tikiti yakwera ndipo antchito ndife ochepa. Khirisimasi idzandipeza pa shifiti. Ndikulakalaka nsima ya mgaiwa ndi matemba a ku Chilwa, chisoso chongothyola kumunda, masuku a m'lichero pamsewu, ndi kukhala pamkeka ndi amayi osayang'ana wotchi. Ndikulakalaka kupatsidwa moni wautali, wofunsa za kunyumba ndi za ana ndi za mvula, pakuti kuno moni ndi liwu limodzi munthu akuyenda.

Ndalama ya feteleza ndatumiza dzulo, muione pafoni. Ndili ndi pempho limodzi. Lamulungu likudzali mukatuluka m'tchalitchi, apempheni amayi atsegule thiranki. Mujambule mamendulo a agogo mbali zonse ziwiri, ndi kapepala kalikonse komwe kali m'kachitini kaja, ngakhale kodyeka ndi njenjete. Kenako mupite kwa azakhali, poti ndi okhawo otsala amene anawaona agogo akutsika galimoto tsiku lobwera, muwakhazike pansi, mutsegule foni, alankhule mpaka atope. Muwafunse dzina la munthu wa ku Mulanje uja. Ndipo ngumbi zikatulukanso, mundiumitsireko pang'ono. Pali mnzanga wina akubwera kuno mu Januwale, adzanditengera.